Che Majidu Adula Sanda Yawo

Pa Lirangwe panali matelala anayi, koma mlendo akafunsa kuti telala ali pati, aliyense ankaloza khonde la sitolo yakale yoyang'anana ndi msika, pamene pankakhala Che Majidu. Sikuti enawo ankasoka zokhota ayi. Kungoti Che Majidu ankamveka. Makina awo ankalira, pakamwa pawo sipankatsekeka, ndipo chifuwa chawo chinkaposa zonse ziwirizo. Ukawayandikira kuti akuyese m'chiuno, unkalakalaka kuwafunsa ngati ana amphaka amene abisa m'malayamo ndi ogulitsa kapena oweta.

Anali matenda a mphumu. Sanabadwe nawo. Kwawo ku Mdeka akuluakulu amawakumbukira ali mnyamata wosenza thumba la chimanga uku akuimba. Kenaka anapita m'tauni, nalembedwa ntchito pa fakitale ina ya nsalu, ndipo zaka zisanu ndi zinayi anakhala akumeza fumbi la thonje ngati ndiwo. Chifuwa chitayamba kuliza mluzu, dokotala wa kampani ankawapatsa mankhwala osalipira. Mluzuwo utakula mpaka kumveka ku ofesi, kampani inawathokoza kwambiri chifukwa cha ntchito yawo yabwino, n'kuwaperekeza pa geti. Dokotala uja anatsala mkati. Chifuwa chokha ndi chimene chinavomera kutuluka nawo.

Kandalama kotsanzikira anagulira makina osokera opalasa ndi mapazi, nakhazikika pa Lirangwe ndi akazi awo a Mwanahamisi, amene ankakazinga mandasi pakhomo pa msika. Mwana wawo mmodzi yekha, Jamila, anakwatiwa ku Limbe. Kusoka anaphunzira okha, pa nsalu za eni ake, ndipo amene anavala mabuluku awo oyambirira mpaka lero amayenda chopendekera. Koma ntchito anadzaidziwa. Mbiri yawo yaikulu inali yoti sankataya kansalu. Ukapisa m'thumba la buluku losokedwa ndi Che Majidu, unkapezamo maluwa a diresi la mkazi wa mnzako. Iwo ankati kutaya nsalu ndi tchimo.

Za chifuwacho anayesa zonse zimene anthu amalangiza munthu wodwala. Anamwa uchi, anafukiza masamba a bulugama, anatafuna mizu yowawa yoti mbuzi inakana. Zonsezo zinkathandiza amene ankazigulitsa. Mankhwala enieni analipo a mitundu iwiri. Ku kachipatala kapafupi ankapereka timapilitsi toyera, tikapezeka. Timeneti tinkatsegula chifuwa pang'ono, koma tinkanjenjemeretsa manja ngati a munthu wogwidwa ndi nkhuku yakuba. Nanga telala wonjenjemera manja, ulusi ulowa bwanji pa singano? Mtundu wachiwiri unali kapampu, kachitini kakang'ono kopopera m'kamwa. Kameneka ndiye kanali moyo. Kupopa kawiri, ana amphaka onse zii. Dokotala wina m'tauni anawalembera pa kapepala kuti asamasiyane nako, koma pa zenera lolandirira mankhwala ankangowauza kuti kali m'njira.

Masiku amenewo, m'ma 1985, mankhwala sankatha. Munthu wonena kuti atha ankafunsidwa kuti akutanthauza chiyani, ndipo omufunsawo ankabwera pa galimoto. Mankhwala ankakhala ali m'njira basi.

"Njira imeneyi ndi yaitali kuposa ya ku Maka," ankatero Che Majidu. "Opita ku Maka amabwerako."

"Tsitsani mawu, a telala," ankawachenjeza Potiphar, mnzawo wachikhristu amene ankakonza njinga m'munsi mwa khonde lomwelo. "Mudzatitengetsa tonse. Ine ndili ndi ana."

"Ndiwatsitse kufika pati, aise? Mpweya wokwezera mawu ndiutenga kuti?"

Kotero kapampu ankakagula ku sitolo ya mankhwala m'tauni, pa mtengo wa mbuzi yaikazi, ndipo chaka chilichonse mbuziyo inkanenepa. M'chilimwe kachitini kamodzi kankawafikitsa patali. Koma ikafika Juni, mwera ukayamba kuwomba ndi kamvula kake ka chiperoni, kankatha ngati shuga wa m'nyumba ya ana ambiri. Ena ankawauza kuti agulitse makina. Iwo ankati sanaonepo munthu wogulitsa miyendo kuti agule nsapato.

Chaka chimenecho Ramadhani inagwa m'nyengo yachisanu, ndipo ntchito inali itachepa. Che Majidu anagwedeza kachitini pafupi ndi khutu, namva kuti mwatsala za masiku owerengeka. Anavala mkanjo wawo wabwino, anaika khadi la chipani m'thumba, poti popanda limenelo basi sunkakwera, napita ku Chileka kwa akulu awo.

Che Bwanali, achimwene awo a bere limodzi, ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa bwalo la ndege. Zaka makumi awiri akulemba pa mabokosi ndi masutikesi a eni ake zinawasiyira chizolowezi. Kuseri kwa khutu lawo sikunkachoka choko chakuda chamafuta, chosafufutika ndi mvula, ndipo chilichonse cholowa m'manja mwawo chinkalembedwa dzina lake, mwini wake ndi kumene chikupita. Ndowa inalembedwa kuti NDOWA, BWANALI, CHILEKA. Khasu chimodzimodzi. Anthu ankati akazi awo anapulumuka chifukwa choti ankathamanga.

Iwowa anali ndi kabuku ka kuntchito. Akadwala iwo, mkazi kapena mwana, dokotala wa kampani ankawaona, mankhwala n'kulandira pompo. Koma mng'ono wobadwa naye analibe mzere wake m'kabukumo.

"Achimwene, sindinabwerere ufa," anayamba Che Majidu atapuma mokwanira. "Kachitini kanga katha."

"Zinthu zavuta, mphwanga. Ndege zikuluzikulu zinasamukira ku Lilongwe, ovataimu kulibe. Ana atatu ali ku sekondale. Ndikupatse chiyani?"

"Ndiye musandipatse kanthu. Mungopita kwa dokotala wanuyo mukatsokomole. Kalizidwe kake ndikuphunzitsani, n'kosavuta. Mumakoka mpweya chonchi, n'kuutulutsa ngati mwaponda mphaka kumchira. Akakupatsani kapampu mudzandisungire."

Che Bwanali anatong'ola maso. "Iwe Majidu, mutu ukuyenda bwino? Ine akangondilemba kuti ndili ndi chifuwa, mawa lake ndili pa geti ngati iwe. Ukufuna tikhale awiri pa khonde?"

Pamenepo sananame, ndipo Che Majidu anadziwa. "Nanga abale enawa? Amalume ku Mdeka, alongo athu ku Lunzu, aliyense ataponyapo kangachepe?"

"Ndiwafunsa, koma usadalire. Pirira, mphwanga. Masiku a munthu analembedwa kale."

"Analembedwa ndi choko chanucho?"

Anabwerako ndi mapapaya awiri. Yankho la abale linafika patatha sabata: aliyense akuti pepani, chaka chino palibe.

Lachiwiri lina m'mawa, chiperoni chitakuta msika wonse, Che Majidu ankapinda mpendero wa siketi pamene chifuwa chinatseka. Anapopa kachitini. Kanangoti fyuu, mopanda kanthu. Anapopanso. Potiphar potukula mutu anaona telala atagona pa makina, milomo itachita phulusa. Anawakweza pa njinga ya kasitomala imene anali asanaimange mabuleki, a Mwanahamisi akuthamanga pambuyo mafuta a mandasi ali m'manja, mpaka ku kachipatala. Munthu wina amene ankapita ku Chileka pa lole anatumidwa kuti akauze Che Bwanali afulumire, mng'ono wawo dzuwa la lero salimaliza.

Tsono Asilamu sagoneka maliro. Munthu akamwalira m'mawa, madzulo amakhala ali m'manda. Che Bwanali, munthu wodziwa kuti katundu sayenera kuchedwetsa ndege, sanafune kuti mng'ono wawo achedwe. Anatumiza mawu ku Lunzu ndi ku Mdeka, ndipo abale aja amene analibe kanthu anapeza kanthu tsiku lomwelo. Che Bwanali anathamangira m'tauni kukagula sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, nasankha bafuta wapamwamba weniweni. Anagulanso mpunga ndi shuga wa anamfedwa, nachita hayala galimoto.

Anafika pa Lirangwe dzuwa litapendeka, alongo atayamba kale kulira galimoto isanaime. Anapeza malemu atakhala pa mkeka kunja kwa nyumba yawo, akumwa phala. Jekeseni wa ku chipatala anali atawabweza.

Kulira kunazima ngati wailesi yothera mabatire.

"Takulandirani, achimwene," anatero Che Majidu. "Pepani lero sindinasale, adokotala andikaniza. Mwabisa chiyani kumbuyoko?"

"Palibe. Kaphukusi chabe."

"Telala mungamubise nsalu? Fungo lake ndalimva mukadali pa msewu. Bweretsani ndione."

Anaitsina pakati pa zala ziwiri, anaikoka m'mbali, anaiyang'ana pa dzuwa. Bafuta wotere anali asanamusokepo pa Lirangwe. Anaiyesa ndi mkono kuchokera pa mphuno. Inali yambiri, yokwana kukulunga mwamuna wamtali katatu monga mwa mwambo, n'kutsalako, pamene iwo anali munthu wamfupi.

"Sabata yatha munalibe, achimwene."

"Za maliro ndi zina, mphwanga. Tikanakukulunga m'chiguduli anthu akanati chiyani?"

"Nsalu iyi, mpunga uwo ndi galimoto iyo, zikanandipumitsa mpaka dzinja."

Alongo anayamba kufunsa a Mwanahamisi ngati nkhuku zawo zikuikira. Posakhalitsa alendo ananyamuka, mpunga ndi shuga zinakweranso galimoto. Sanda yokha ndi imene inatsala, poti palibe ankafuna kulowa nayo m'nyumba mwake.

"Muisunge m'sutikesi, mlamu," Che Bwanali anauza a Mwanahamisi monong'ona. "Chifuwa chimenechi tonse tachimva. Tisadzavutikenso kuthamanga."

Che Majidu anamva. Makutu awo analibe mphumu.

Anagona masiku awiri. Tsiku lachitatu anadzuka, anameza timapilitsi tawo, nati, "Mayi a Jamila, tatulutsani nsalu ija muichape, ifewe."

"Mukufuna mutani nayo?"

"Idi yatsala masabata awiri. Mwaiona mizuli imene amuna a pano akuvala kumutu popita ku mzikiti? Yakuda ngati mapoto. Aliyense afuna mzuli woyera wa Idi, ndipo bafuta wotere sanamuonepo."

A Mwanahamisi anakhala pansi. "Bambo a Jamila, mwapenga? Sanda? Nanga mukafa mawa ndikukulungani ndi chiyani, chitenje changa?"

"Anaipeza tsiku limodzi, adzaipezanso tsiku limodzi. Abale anga pa maliro sachedwa, mwaona nokha."

"Anthu akadziwa?"

"Akadziwa, adzandipeza ndikupuma. Tamverani, mayi. Ine moyo wanga wonse ndasoka za anthu, ndiye bafuta wabwino chonchi alowe m'dothi wopanda msoko ndi umodzi womwe? Nsalu iyi anagulira ine. Wakufa sinamupeze. Yapeza wamoyo, ndipo wamoyoyo ali ndi sizasi."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, akumvetsera mluzu wa m'chifuwamo. Zaka zambiri ankaumva mluzu umenewo, ndipo ankadziwa kumene ukulowera. Anatenga ndowa.

Pochapa ndi pamene anaona pa ngodya ya nsaluyo zilembo zakuda zikuluzikulu: SANDA, MAJIDU, LIRANGWE. Che Bwanali anali atatumiza katundu wawo mwadongosolo. A Mwanahamisi anatikita ndi sopo, anapaka mandimu, anayanika pa dzuwa, koma choko cha ku bwalo la ndege sichinasunthe.

"Kangodya aka mudule mukataye," anatero.

"Nditaye bafuta?"

"Tayani, bambo."

"Chabwino, ndamva," anatero Che Majidu, n'kukaponya m'katoni ya zidutswa pansi pa makina. Katoni imeneyo sinali dzala. Inali nkhokwe.

Masabata awiri amenewo makina sanapume. Manja ankanjenjemera ndi mapilitsi, kotero a Mwanahamisi ankasiya chiwaya pamoto n'kudzawalowetsera ulusi pa singano. Mzuli uliwonse unali wa nsalu ziwiri, yakunja ndi yamkati, pamwamba pake misoko yozungulira ngati madzi oponyedwamo mwala. Potiphar yekha ndi amene ankadziwa kumene nsaluyo inachokera, ndipo akaona munthu akudziyang'ana pa kagalasi ka telala, ankabisa nkhope kuseri kwa wilo la njinga, mapewa akugwedezeka.

"Wakukhalani, Che Ajibu," telala anauza wogulitsa nyama wa mumsika. "Ngati munabadwa nawo. Nsalu imeneyi achimwene anga anachita kundisankhira okha m'tauni."

Womaliza kubwera anali Shehe Chande, mtsogoleri wa mzikiti, munthu wodekha wa dazi lalikulu, mutu woti mizuli ya m'sitolo inkangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha ketulo. Wawo unafunika kusokedwa mwapadera, ndipo bafuta anali atatsala pang'ono kutha. Nsalu yakunja inakwana. Yamkati inaperewera kachidutswa kamodzi. Che Majidu anasuzumira m'katoni, anayang'ana kumsika ngati akazi awo akuona, n'kudzifunsa kuti kodi ndani amawerenga mkati mwa chipewa.

Ndalama zonse a Mwanahamisi anazimanga m'kansalu m'chiuno. Anagwirizana kuti Idi ikangodutsa, m'mawa mwake akwera basi yoyamba ya m'tauni. Nthawi inali itawathera. Chifuwa chinali chitayambanso kuthina, ndipo ku kachipatala timapilitsi toyera tija nato tinali titalowa m'njira.

Tsiku la Idi kunacha ndi mwera. Anthu anaswali pa bwalo la kunja kwa mzikiti, ndipo ukayang'ana mizere ya amuna kuchokera kumbuyo, mitu inali mbee ngati munda wa thonje. Che Bwanali anali atabwera kuchokera ku Chileka kudzadya Idi ndi mng'ono wawo. Mapemphero atatha, anthu akupatsana manja, anawakokera pambali.

"Ntchito yabwino iyi, mphwanga. Nsalu unaipeza kuti? Nanga wanga uli kuti?"

Asanayankhidwe, mphepo inakuntha. Mzuli wa Shehe unanyamuka pa dazi, unagubuduka pa fumbi, n'kudzagona chagada pa mapazi a Che Bwanali. Iwo anawerama mwaulemu kuti autole. Anausansa fumbi. Kenaka anauma chilili. Munthu angaiwale nkhope ya mnzake, koma zolemba za dzanja lake saziiwala.

"Sanda," anawerenga mokweza, ngati akuitanira katundu wosowa mwini. "Majidu. Lirangwe."

Kenaka mizuli inayamba kuchoka m'mitu ngati muli mavu. Wina anauponya pansi, wina anaugwira ndi zala ziwiri kutali ndi thupi.

"Mwativeka maliro pa Idi!" anakuwa Che Ajibu a nyama aja. "Ndaswali nditasenza manda! Bwezani ndalama zathu, a telala, pompano!"

"Zibwezedwe!" ena anavomereza, gulu n'kuyamba kusendera. Kumbali ya amayi, a Mwanahamisi anagwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

Che Majidu anakwera pa sitepe ya mzikiti kuti aoneke. Kukwera kokhako kunawadyera mpweya. Anatulutsa kachitini kopanda kanthu kaja, nakakweza m'mwamba, ndipo analankhula modukizadukiza, mawu atatu, kupuma, mawu atatu, mluzu ukuimba pakati.

"Sindibweza. Mwamva? Tambala ndi imodzi yomwe sindibweza. Ndalama zanu zikupita m'tauni mawa kukagula aka. Ndinapempha aka, abale anga anati palibe. Nditagwa, anapeza nsalu, mpunga, galimoto. Yondikwirira ilipo, yondipumitsa palibe. Ndiye ine nsaluyo ndaipatsa ntchito ina. Ndi yanga, dzina langa mwalimva nonse. Ndabera ndani?"

"Watichititsa manyazi, Majidu!" Che Bwanali ankanjenjemera ngati nawonso amwa timapilitsi. "Banja lonse linasonkha! Ukafa tidzakuika ndi chiyani?"

"Ndikafa mudzaone nokha, achimwene, ine sindidzakhalapo. Lero ndilipo." Anatembenukira gulu lija. "Wofuna ndalama yake akatenge, mayi a Jamila ndi awo. Koma asapite kutali. Sabata ino isanathe afunika kudzandinyamula pa jeneza kupita ku manda, ndipo abwere ndi nsalu, chifukwa yanga mwaivala."

Palibe anasuntha. Wina anauza telala kuti akhale pansi. Iwo anati akhala pansi akafuna, osati pouzidwa.

Maso onse anapita kwa Shehe Chande, amene nthawi yonseyi anaima dazi lili pa mphepo. Anatambasula dzanja, Che Bwanali nawapatsa mzuli uja. Anawerenga zilembozo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anautembenuza, anayang'ana misoko.

"Che Bwanali, nsaluyi inakulungapo munthu?"

"Ayi, Shehe, koma..."

"Inalowapo m'manda?"

"Ayi."

"Ndiye ndi bafuta. Choko chanu sichisandutsa nsalu kukhala sanda. Chimaisandutsa ndi mtembo, ndipo mtembo wake ndi uwu ukutilalatirawu." Anauvala, naukanikiza ndi manja onse awiri kuti mphepo isautengenso. "Ine zaka zonsezi sindinapezepo mzuli wondikwana, ndipo kukuzizira. Che Majidu, mlandu wanu ndi umodzi: mukanatiuza. Che Bwanali, wanu ndi wa abale anu tidzakamba Lachisanu. Ndi wautali."

"Ndikanakuuzani mukanagula?" anafunsa telala.

"Ayi," anatero Shehe. "Tsikani pamenepo musanagwe."

Sikuti onse anakhutira. Che Ajibu anakasiya mzuli wawo pa makina, osapempha kanthu, ndipo chaka chathunthu ankasoketsa kwina. Ena angapo anachita chimodzimodzi. Umodzi mwa mizuli imeneyo anautenga Potiphar, amene ankauvala pokonza njinga mpaka unada ndi girisi, akumauza aliyense kuti iye ndi mkhristu yekhayo pa Lirangwe amene amavala sanda m'mawa n'kubwerera kunyumba madzulo.

Idi itadutsa, m'mawa mwake Che Majidu ndi akazi awo anakwera basi. Anyamata a chipani anaona makhadi pa siteji, napeza kuti anthu awiriwa ali bwinobwino, palibe chowasowa. Kuchoka pa depoti kufika ku sitolo ya mankhwala, Che Majidu anaima kasanu atagwira phewa la akazi awo. Wogulitsa anawerenga kapepala ka dokotala kamene kanali katafewa ngati nsanza, a Mwanahamisi anamasula m'chiuno, ndipo pa kauntala panaikidwa tizitini tiwiri. Che Majidu sanadikire kutuluka panja. Anagwedeza, anapopa, anadikira, anapopanso. Ana amphaka anagona mmodzimmodzi. Pakhomo pa sitolo anakoka mpweya mpaka mabatani a mkanjo anadandaula, mpweya wa m'tauni wonunkha dizilo, ndipo anauza akazi awo kuti chibadwire sanalawepo chinthu chokoma chotero.

Chifuwa sichinapole, poti mphumu sapola. Juni aliyense ankabwera ndi nkhondo yake, ndipo mbuzi ija inkanenepabe. Koma chisanu chimenecho anachidutsa ali pa khonde lawo, makina osagulitsa, pakamwa osatseka.

Che Bwanali anakhala mwezi wathunthu osaponda pa Lirangwe. Tsiku limene anabwera anaima m'munsi mwa khonde, osakwera, manja kumbuyo, akuyang'ana njinga za Potiphar ngati akufuna kugula.

"Mwabisanso chiyani kumbuyoko, achimwene? Iyi si nsalu, sindikumva fungo."

Che Bwanali anaika kaphukusi pa makina. Pa pepala lake panalembedwa ndi choko chakuda: KAPAMPU, MAJIDU, LIRANGWE.

"Kamodzi kokha, usazolowere," anatero. "Shehe wako amalankhula kwambiri. Koma udziwiretu, sanda ina ine sindidzagulanso."

Che Majidu anagwedeza kachitini pafupi ndi khutu, anamva kuti n'kodzaza, nakaika m'thumba. Kenaka anasalaza pepala lokulungira lija, nalipinda bwinobwino, n'kuliponya m'katoni.

"Gulani, achimwene, musaumire," anatero akuika mapazi pa chopalasira. "Idi ya nyama yatsala mwezi umodzi, ndipo Shehe akufuna mkanjo."